Ng'ombe, papaya ndi test yofiira

Mukamufunsa mwana wa Sitandade 2 kuti mawu oti ng'ombe amagawika bwanji, aomba m'manja kawiri: ng'o, mbe. Mukaifunsa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ikuuzani kuti muli zilembo 7, chifukwa imawerenga n payekha, g payekha, ndipo kachizindikiro kam'mwamba kaja nakonso imakayesa chilembo. Palibe akunama apa. Koma munthu wofuna kupanga masewera a mawu a Chichewa pa kompyuta ayenera kusankha kuti atsata ndani, mwanayo kapena makinawo, ndipo ndi bwino asankhiretu asanalembe mzere ndi umodzi womwe. Kusankhiratu kumeneku ndi kumene kunandiphunzitsa njira yolembera mapulogalamu yotchedwa test-driven development, kapena TDD mwachidule, imene kale ndinkangoimva m'kamwa mwa anyamata a ku Chanco tikakumana pa tchipisi m'tauni.

Masewerawo sindinawayambe ndine. Ndinatengera a Wordle, amene Josh Wardle anawatulutsa pa intaneti mu Okutobala 2021 ndipo nyuzipepala ya New York Times inawagula mu Januwale 2022. Lamulo lake ndi lapafupi: pali mawu obisika a zilembo zisanu, iwe uli ndi mwayi woyesa kasanu ndi kamodzi. Chilembo chimene wachiika pamalo pake chimasanduka chobiriwira, chimene chilimo m'mawuwo koma wachiika polakwika chimakhala chachikasu, chimene mulibemo chimatuwa. Basi. Ine ndinafuna zomwezo m'Chichewa, koma m'malo mwa zilembo ndigwiritse ntchito maphatikizo, popeza ndi mmene tonse tinaphunzirira kuwerenga: ba be bi bo bu, kenako mba mbe mbi. Mawu obisika akhale a maphatikizo atatu, monga chimanga, galimoto ayi chifukwa ndi anayi.

Njira ya TDD ili ndi masitepe atatu amene umangowabwereza mpaka ntchito ithe. Choyamba umalemba test, kapulogalamu kakang'ono konena kuti “ndikapereka ichi, ndikufuna kulandira icho”, ndipo umaiyendetsa code yeniyeniyo, kutanthauza malangizo a pulogalamuyo, isanalembedwe, kuti uione ikulephera ndi maso ako. Pa sikirini pamatuluka zofiira. Chachiwiri umalemba code yochepetsetsa yoti test ija idutse, zofiira zisanduke zobiriwira. Chachitatu umakonza ndi kusesa zimene walembazo osasintha zimene zikuchita, chimene eni ake amati refactor. Amene anaitchukitsa njirayi ndi Kent Beck wa ku America. Iye ndi Erich Gamma analemba JUnit mu 1997, chida choyendetsera ma test m'chilankhulo cha Java, ndipo mu 2002 Beck anatulutsa buku lakuti Test-Driven Development: By Example, limene chitsanzo chake choyamba ndi kuwerengera ndalama za mayiko awiri, madola ndi ma franc a ku Switzerland. Mwini wakeyo sanena kuti anaiyambitsa, amati anangoifukula. Ndipo mmisiri aliyense womanga nyumba ku Chinamwali kapena ku Sadzi angavomereze kuti nzeruyi ndi yakale: amayamba wakoka chingwe, kenako njerwa n'kumatsata chingwecho.

Test yanga yoyamba inali iyi:

```
def test_nyumba():
    assert gawa("nyumba") == ["nyu", "mba"]
```

Mawu oti assert akunena kuti za kumanzere kwa == zifanane ndi za kumanja. Function yotchedwa gawa, kachigawo ka pulogalamu kogawa mawu, inali isanabadwe, choncho Python inakuwa kuti dzinali siikulidziwa. Kukuwa kumeneko ndiye kufiira koyamba, ndipo kuli ndi ntchito yake: kumakutsimikizira kuti test ikuyendadi, kuti ikadzabiriwira idzakhala yabiriwira pa chifukwa. Test imene sunaione ikulephera ikhoza kukhala yoti imadutsa ngakhale utalemba zamisala.

Sitepe yachiwiri ndi imene imakwiyitsa anthu ambiri oyamba kumene, ndipo ndikumvetsa. Code yochepetsetsa yoti test ili pamwambayi idutse ndi function imene imangobweza nyu ndi mba, mosayang'ana n'komwe mawu amene yapatsidwa. Chinyengo chenicheni. Beck amalola zimenezi dala. Cholinga n'chakuti test yachiwiri ikukakamize kusiya chinyengocho. Ukawonjezera yoti chimanga chigawike chi, ma, nga, yankho lonamizira lija silingakwanirenso, ndipo umayenera kufunsa kuti lamulo lenileni ndi lotani. Lamulo la Chichewa ndi lokoma kwa wolemba mapulogalamu: phatikizo limathera pa a, e, i, o kapena u. Ndiye tola zilembo zonse zopanda liwu mpaka upeze chaliwu, dula pamenepo, yambiranso. Mu Python ndi kamzere kamodzi:

```
re.findall("[^aeiou]*[aeiou]", mawu)
```

Kanyenyezi kali pakatiko kamatanthauza kuti zilembo zopanda liwu zikhoza kukhalapo zingapo kapena kusakhalapo n'komwe. Ndi kamene kamachititsa kuti kuopa kugawike ku, o, pa, ndiponso mvuu igawike mvu, u. Tch wa mu kutcha, ntch wa mu ntchito, nkhw wa mu nkhwangwa, zonsezi zimangolowa popanda kuzilembera malamulo apadera. Ma test asanu ndi limodzi, onse obiriwira, ndipo ntchito yonseyi siifuna bandulo. Unittest, chida choyendetsera ma test, imabwera kale ndi Python. Ine ndimakonda chida china chotchedwa pytest chifukwa ma test ake ndi aafupi kulemba, ndipo ukaitsitsa kamodzi kwatha. Magetsi akazima umapitiriza mpaka batire ya laputopu itakomoka.

Kamzere kaja kali ndi khalidwe limodzi loipa: kakapeza mawu othera pa chilembo chopanda liwu, kamangotaya mchirawo osanena. Upatse “bus”, kakubwezera bu yekha, s wasowa. Pofuna kugwira zoterezi ndinalemba test ya mtundu wina, yosanena za mawu amodzi koma za mawu onse a pa mndandanda wanga: ukalumikizanso maphatikizo, uyenera kupeza mawu omwe unayamba nawo. Test imeneyi ndimaikonda kuposa zina zonse chifukwa imagwira ntchito ndili mtulo. Tsiku lililonse ndikawonjezera mawu atsopano pa mndandanda, imawasecha onse, ndipo chala chikaterereka pa kiyibodi n'kusiya chilembo chopanda mwini kumapeto, imandiuza mawu ake.

Tsopano za kachizindikiro ka mu ng'ombe. Mwana wamkazi wa achemwali anga, amene ali Fomu 2 ndipo amakhala nafe ku Matawale, ndiye anali woyesa masewerawa pa foni. Tsiku lina mawu obisika anali ng'anjo, nthawi imeneyo ndikuyesa a maphatikizo awiri. Iye analemba ng'anjo, masewera n'kumupatsa njo wobiriwira koma ng'a wotuwa.

“Ankolo, zinthu zanuzi n'zabodza. Ndalemba zomwezo.”

Analembadi zomwezo kwa maso a munthu. Kwa kompyuta ayi. Kiyibodi ya laputopu imapereka kachizindikiro kowongoka, kamene mu Unicode, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala pa kompyuta, nambala yake ndi U+0027. Mafoni ambiri ndi mapulogalamu olembera makalata amakasintha okha kukhala kopindika, U+2019. Pa sikirini yaing'ono simungazisiyanitse, koma Python imaziona ngati mbuzi ndi galu. Apa TDD ili ndi mwambo umene ndikuona kuti ndi wofunika kuposa masitepe atatu aja: vuto likapezeka, usathamangire kukonza. Yamba walemba test imene ikuonetsa vutolo, uione ikufiira, kenako ukonze. Ndinalemba yoti ng'anjo ya kopindika ifanane ndi ng'anjo ya kowongoka, inafiira, ndinapanga function ina yotchedwa yeretsa yosintha kopindika kukhala kowongoka mawu asanafike kwa gawa, inabiriwira. Vuto limenelo silingabwererenso mwakachetechete, chifukwa mlonda wake alipo.

Njira yachidule ikanakhala kungochotseratu kachizindikiroko paliponse. Test ina inanditchinga, ndipo ndinailemba ndikudziwa kuti tsiku lina ulesi udzandigwira: ng'oma isafanane ndi ngoma, poti ina amaimba pa gule, ina ndi nyama ya nyanga zopotana ya ku Liwonde, m'bale asafanane ndi mbale. Za ŵ zinali zosiyana. Naye amalembedwa pawiri mu Unicode, ngati chilembo chimodzi U+0175 kapena ngati w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa kake U+0302. Koma popeza makiyibodi athu alibe chilembochi, ndipo anthu ambiri masiku ano amangolemba Malawi wopanda chipewa, ndinagamula kuti m'masewera muno ŵ ndi w ndi amodzi. Wina angatsutse, ndipo ali ndi mfundo. Chigamulocho chili mu test, m'mzere umodzi woti aliyense angawerenge ndi kuusintha.

Mkangano umene unandidyera nthawi kwambiri unabwera ndi a neba athu, aphunzitsi opuma amene anaphunzitsa Chichewa zaka zambiri. Anandipeza pakhonde madzulo ena, mitambo itaphimba kale phiri, ndipo ndinawaonetsa mmene gawa akudulira mawu. Anagwedeza mutu pa nyumba, pa chimanga, pa nkhwangwa. Atafika pa mtengo anaima.

“Achimwene, apa ndiye mwalemba mte, ngo?”

“Eya aphunzitsi, phatikizo limathera pa chilembo chaliwu.”

“Tanenani mtengo pang'onopang'ono. Musathamange.”

Ndinanena. M uja anaima payekha milomo ili yotseka, te n'kubwera pambuyo. Maphatikizo atatu.

“Tsono nenani mbuzi.”

Awiri okha: mbu, zi. Apo m samaima payekha.

Ndinati palibe vuto, tilemba lamulo: m akatsogolera t, p, s, l, k kapena n amaima yekha, akatsogolera b, ph, f kapena v amaphatikana. Iwo anaseka, nati ndinene mphika, kenako mphasa. Zilembo zoyambirira ndi zomwezo, m, p, h. Koma mphika ndi m, phi, ka, chifukwa ikachuluka ndi miphika, m ujayo ndi mu wofupikitsidwa. Mphasa ndi mpha, sa, ndipo zikachuluka zimakhalabe mphasa. Mphunzitsi ali ngati mphika, mphepo ili ngati mphasa. Palibe lamulo loyang'ana zilembo zokha limene lingasiyanitse ziwirizi; pamafunika kudziwa gulu la dzinalo. Mtsikana uja, amene ankamvetsera ali pampando, analowerera kuti iye akaomba m'manja pa mtengo amaomba kawiri, ndipo anzake onse akhoza kulemba mte ngati phatikizo limodzi osaganiza kawiri.

Apa m'pamene ndinaona bwino chimene test imachita. Siikuuza amene akulondola pakati pa aphunzitsi ndi mwana wasukulu. Imangokana kuti upitirire usanasankhe. Kudzanja lamanja la assert kuyenera kukhala yankho limodzi, ndipo uyenera kulilemba ndi zala zako. Ndikanayamba ndi code, chigamulocho chikanapangidwa ndi kamzere ka re.findall kaja popanda wina kudziwa kuti pagamulidwa kanthu, ndipo patapita miyezi ndikanachitcha “mmene zimayendera”. Ndinasankha za mwanayo, mte ndi ngo, chifukwa osewera ambiri ndi anthu ngati iye ndiponso lamulolo ndi losavuta kulifotokoza m'chiganizo chimodzi. Aphunzitsi sanasangalale, ndipo anandiuza kuti ndipite ku Centre for Language Studies, imene ili konkuno ku Zomba ndipo ndi imene inakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, ndikamve ngati angandivomereze.

Mtima wa masewerawa ndi function yoyerekezera, imene imalandira mawu obisika ndi mawu amene wosewera walemba n'kubweza mitundu itatu. Poyamba imaoneka yophweka. Yenda phatikizo ndi phatikizo: ngati lafanana ndi la pamalo omwewo, lobiriwira, ngati likupezeka penapake m'mawu obisika, lachikasu, apo ayi, lotuwa. Ma test anayi oyamba amadutsa bwinobwino ndi njira imeneyi. Imagwa pa papaya.

Tiyerekeze mawu obisika ndi pakati, wosewera walemba papaya. Pa woyamba ndi wobiriwira, palibe mkangano. Nanga pa wachiwiri? Njira yophweka ija imati wachikasu, poti pa alimo mu pakati. Koma limenelo ndi bodza kwa wosewera, chifukwa mukumuuza kuti muli pa winanso woti amusake, pamene mulimo mmodzi yekha ndipo wamupeza kale. Ayenera kutuwa. Ndiye umasintha code kuti phatikizo likagwiritsidwa ntchito lichotsedwe pa mulu. Test ya pakati yabiriwira. Yesaninso ndi mawu obisika oti kuopa: pa woyamba wachikasu, wachiwiri wotuwa, zadutsanso. Munthu umayamba kuwongola msana.

Kenako ikani mapazi. Pa wa mu mapazi ali pakati, ndipo papaya ali ndi pa pamalo omwewo, ndiye wachiwiriyo ayenera kubiriwira, woyamba atuwe. Koma code yoyenda kuchokera kumanzere imafika pa woyamba, n'kuona kuti pa alimo, n'kumupatsa chikasu, n'kumuchotsa pa mulu. Ikafika pa wachiwiri, mwini malo weniweni, zasokonekera kale. Yankho ndi kuyenda kawiri. Ulendo woyamba umangogawa zobiriwira ndi kuwerenga maphatikizo a mawu obisika amene atsala opanda mwini. Ulendo wachiwiri ndi umene umagawa zachikasu, pokhapokha ngati pa mulu wotsalawo pakadali kanthu, ndipo ukapereka umachotsera. Mu Python muli kachida kotchedwa Counter kowerengera zotere.

Chimene ndikufuna muone apa si yankholo, poti aliyense wopanga masewera a mtunduwu amafikapo. Onani mmene mawu awiri, pakati ndi mapazi, aliyense anagwetsera code yosiyana. Luso la TDD lagona pa kusankha chitsanzo chotsatira, chimene ukuchikayikira kuti chithyola zimene zilipo. Kulemba ma test makumi awiri a mawu opanda phatikizo lobwereza n'kungodzisangalatsa. Onse adutsa, ndipo sunaphunzirepo kanthu. Ndiponso nditasintha function yonse kuchoka pa ulendo umodzi kupita pa maulendo awiri, sindinafunike kukhala pansi n'kusewera ndekha kuti ndione ngati zakale zikuyendabe. Ndinalemba pytest, timadontho tobiriwira tinandandalika pa sikirini, sekondi isanathe n'komwe.

Pali zinthu ziwiri zimene zimavuta kuyesa: mwayi ndi nthawi. Ngati function imadzisankhira yokha mawu obisika mwachisawawa, test siingadziwe choti iyembekezere. Ngati imayang'ana yokha tsiku pa wotchi ya kompyuta, test imene yadutsa lero ikhoza kulephera mawa. Mankhwala ake ndi amodzi: function isatole zinthu zimenezi yokha, izipatsidwa. Mawu a tsikulo amasankhidwa ndi function imene umaiuza tsiku, ndipo test imaiuza tsiku lililonse limene yafuna. Potero ndi pamene ndinakumbukira kuti Malawi ali patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya padziko lonse ya UTC imene ma server ambiri, makompyuta osunga mapulogalamu a pa intaneti, amayendera, moti popanda kusamala mawu atsopano akanamabwera 2 koloko usiku m'malo mwa pakati pa usiku. Anthu ambiri amati phindu la TDD ndi kugwira zolakwika. Ine ndaona kuti phindu lalikulu ndi ili: code yovuta kuiyesa nthawi zambiri imakhala yoti yasenza ntchito zingapo nthawi imodzi, ndipo test imakukakamiza kuigawa.

Si onse amaikonda njirayi, ndipo otsutsawo si anthu wamba. Mu 2014 David Heinemeier Hansson, amene anapanga Ruby on Rails, chida chopangira mawebusayiti, analemba kuti TDD yafa, podandaula kuti anthu aisandutsa chipembedzo ndipo akupotoza mapulogalamu awo pongofuna kuti ayesedwe mosavuta. Nkhaniyo inakula mpaka iye, Beck ndi katswiri wina wa mapulogalamu, Martin Fowler, anachita zokambirana zapoyera pa intaneti. Nditapanga masewerawa ndikuona pamene aliyense waima. Pa gawa, pa yeretsa, pa kuyerekezera mitundu, kuyamba ndi test kunali kwanzeru, chifukwa funso lili ndi yankho loti ungalilembe. Pa maonekedwe a sikirini, kukula kwa mabokosi, ngati chala chikukwana pa batani, sindinalembe test ndi imodzi yomwe, ndipo sindikuona chifukwa.

Ndipo pali chimene ma test onse obiriwira sananene: masewerawo anali osakoma. Chingerezi chili ndi zilembo 26, choncho mawu aliwonse amene wayesa amakupatsako kanthu. Maphatikizo a Chichewa ndi ochuluka kwambiri, moti wosewera amatha kuyesa kanayi n'kumangoona zotuwa zokhazokha, osapeza pogwira. Mtsikana uja anandibwezera foni n'kunena kuti bola bawo. Zimenezo palibe assert imene ikanazigwira. Tinagwirizana kuwonjezera mtundu wachinayi, wabuluu, wotanthauza kuti phatikizo si limenelo koma chilembo chaliwu cha pamalopo mwalasa. Popeza zilembo zaliwu zilipo zisanu zokha, tsopano pafupifupi mzere uliwonse umakuuza kanthu. Kusinthaku kunafiiritsa ma test akale angapo, ndipo apa pamafunika kudziletsa, chifukwa chiyeso chimakhala chongosintha mayankho kuti agwirizane ndi zimene code ikutulutsa. Ndinawatenga imodziimodzi, n'kufunsa kuti malinga ndi lamulo latsopanoli yankho loyenera ndi liti, ndisanayang'ane zimene kompyuta ikunena. Papaya pa pakati tsopano ndi wobiriwira, wabuluu, wotuwa, poti pa ndi ka onse amathera pa a.

Funso limene likadali pa tebulo ndi loti mawu ovomerezeka ndi ati. Wordle imakana chilichonse chimene sichili pa mndandanda wake. M'Chichewa mndandanda wotero sungathe, chifukwa mneni mmodzi amabala ana osawerengeka: ndapita, wapita, tipite, sapita, onse a maphatikizo atatu, onse Chichewa chabwino. Pakadali pano masewera amalandira chilichonse chimene chagawika bwino m'maphatikizo atatu, ngakhale bababa, ndipo anyamata ena atulukira kale kuti akhoza kuyamba ndi mawu opeka pofuna kupeza zilembo zaliwu msanga. Kuti nditseke khomo limeneli ndiyenera kuphunzitsa pulogalamu kuzindikira tsinde la mneni ndi zimene zimaphatikidwa kutsogolo kwake, ndipo test yoyamba ya ntchito imeneyo ndalemba kale: tipite alandiridwe, pitite akanidwe.

Za mphika nazonso sindinazitaye. Pytest ili ndi chizindikiro chotchedwa xfail, choika pa test imene ukudziwa kuti ilephera koma sukufuna kuiiwala. Ya mphika, yonena kuti agawike m, phi, ka monga anenera aphunzitsi, ili pamenepo. Kuti idutse pafunika kuti dzina lililonse loyamba ndi m pa mndandanda likhale ndi gulu lake pambali, ndipo aphunzitsiwo avomera kundithandiza kulemba magulu amenewo Loweruka masana, bola ndiwapezere pepala losindikiza, poti za pa sikirini akuti zimawawawitsa maso.